Mtima ukagunda, ubongo umasunga chiyani?

M'chaka cha 1911, dokotala wina wa ku Geneva, Édouard Claparède, analemba za mayi amene ankamuona m'chipatala cha odwala maganizo. Mayiyo anali ndi matenda a Korsakoff, amene amawononga mbali za ubongo zothandiza kusunga zinthu zatsopano. Anali atakhala m'chipatalamo zaka zingapo koma sankadziwa kumene ali, ndipo madokotala amene ankakumana nawo tsiku ndi tsiku ankawalandira ngati alendo. Tsiku lina Claparède anabisa phini pakati pa zala zake n'kupereka moni wa m'manja. Mayiyo anabayidwa, anadzidzimuka, ndipo patangopita mphindi zochepa anali ataiwala zonse. Koma dokotalayo atatambasulanso dzanja, iye anabweza lake. Atafunsidwa chifukwa chake, anayamba wazembazemba, kenako ananena kuti nthawi zina anthu amabisa maphini m'manja. Zoti iyeyo wabayidwa sankazidziwa mpang'ono pomwe.

Zimene Claparède anaona pa munthu mmodzi zinadzaoneka bwino kwambiri mu 1995 ku yunivesite ya Iowa, ku America. Antoine Bechara ndi anzake anali ndi odwala atatu. Woyamba anali atawonongeka amygdala, kachigawo kakang'ono kamene kali mkati mwa ubongo chakumbali kwa mutu, kena kumanzere kena kumanja. Wachiwiri anali atawonongeka hippocampus, yomwe ili kuseri kwa amygdala ndipo ndi imene imamanga pamodzi chochitika kuti tizidziwa chimene chinachitika, kumene chinachitikira ndi nthawi yake. Wachitatu anali atawonongeka zonse ziwiri. Ankawaonetsa mitundu yosiyanasiyana pa sikirini, ndipo mtundu wa buluu ukaoneka pankalira hutala ya boti yogonthetsa m'khutu. Pa zala anawaika tizipangizo toyeza thukuta, chifukwa munthu akachita mantha khungu limanyowa pang'ono ngakhale mwini wake asakudziwa. Wowonongeka amygdala uja ankafotokoza bwinobwino kuti buluu ndiye amabwera ndi phokoso, koma buluuyo akaoneka thupi lake linali zii. Wowonongeka hippocampus sankatha kunena mtundu umene unkabwera ndi hutala, koma buluu akangooneka zala zake zinkatuluka thukuta. Wachitatu uja analibe zonse ziwiri.

Ndiye kuti chinthu chimodzi chikatichitikira, ubongo umachilemba m'malo angapo. Pali nkhani imene tingaifotokoze ndi pakamwa, palinso phunziro limene thupi latola lokha. Mwa munthu wabwinobwino ziwirizi zimayendera limodzi, n'chifukwa chake sitizindikira kuti n'zosiyana. Anthu ambiri akamva zimenezi amathamangira kunena kuti amygdala ndiye kumene kumakhala mantha. Joseph LeDoux wa ku New York University, amene wathera zaka zambiri akufufuza za kachigawoka pa makoswe, amakana mawu amenewa. Iye amati amygdala imazindikira choopsa ndi kukonzekeretsa thupi, pomwe mantha amene munthu amawamva mumtima amafunanso mbali zina za ubongo. Ndipo sikuti imagwira ntchito pa zoopsa zokha: nkhani yosangalatsa kwambiri nayo imaidzutsa.

Zimene zimachitika zinthu zitatha kale

Pamene pagona nkhani ndi pa mphindi zotsatira chochitikacho. Kuyambira mu 1900, pamene Georg Müller ndi Alfons Pilzecker ankaloweza anthu timawu topanda tanthauzo ku Germany, zakhala zikudziwika kuti chimene taphunzira kumene sichikhazikika nthawi yomweyo. Chimakhala ngati simenti imene sinaume: kwa kanthawi chikhoza kufufutika, chikhozanso kuzama. James McGaugh wa ku yunivesite ya California ku Irvine ndiye anaonetsa kuti thupi limagwiritsa ntchito kanthawi kameneka posankha zoti lisunge.

Munthu akadzidzimuka, akakwiya kapena akasangalala kwambiri, tizigawo tiwiri timene tili pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni, mankhwala achilengedwe amene amayenda m'magazi. Adrenaline imatuluka m'masekondi ochepa. Ndi imene imagunditsa mtima, kuumitsa m'kamwa ndi kunjenjemeretsa manja. Iyoyo siilowa mu ubongo mosavuta, koma imatumiza uthenga kudzera mu mtsempha wautali wotchedwa vagus, ndipo uthengawo ukafika, mu amygdala mumatuluka mankhwala ena ofanana nayo otchedwa noradrenaline. Cortisol imabwera mochedwerapo, imafika pachimake pakatha mphindi 20 mpaka 30, ndipo imalowa mu ubongo mwachindunji. Ziwirizi zikakumana mu amygdala, amygdalayo imalimbikitsa hippocampus ndi mbali zina kuti zimene zangochitikazo zizikike. Sikuti amygdala ndiyo imasunga nkhaniyo. Ntchito yake n'kuuza zosungazo kuti iyi musaitaye.

Umboni wake ndi wokongola chifukwa mankhwala amaperekedwa phunziro litatha, choncho palibe anganene kuti nyamayo inangokhala tcheru kwambiri pophunzira. Mu 1975 Paul Gold ndi mnzake anabaya makoswe adrenaline atangomaliza kuwaphunzitsa, ndipo makoswewo anakumbukira bwino kuposa anzawo. Jakisoni yemweyo akachedwa ndi maola awiri sankathandiza kanthu. Mlingo ukachuluka kwambiri, phindu lija linkatha.

Pa anthu, kafukufuku wotchuka ndi wa Larry Cahill ndi McGaugh wa mu 1994. Anthu anaonetsedwa zithunzi 12 zofanana, koma nkhani yofotokozera zithunzizo inali iwiri. Ena anamva kuti mwana wapita ndi mayi ake kukaona bambo ake amene amagwira ntchito kuchipatala, ndipo kumeneko waonerera ogwira ntchito akuyeserera zothandiza anthu pangozi. Ena anamva kuti panjira mwanayo wagundidwa ndi galimoto, mapazi aduka, ndipo madokotala akulimbana ndi kuwalumikiza. Patatha sabata onse anafunsidwa mafunso mosayembekezera. Omva nkhani ya ngozi anakumbukira zambiri, makamaka gawo lapakati pamene panali ngoziyo. Koma panali gulu lina limene lisanaone zithunzi linamwa propranolol, mankhwala amene madokotala amapereka kwa odwala mtima ndi BP, omwe amatsekereza adrenaline ndi noradrenaline kugwira ntchito. Iwowa ananena kuti nkhaniyo yawakhudza ngati anzawo, komabe patatha sabata gawo la ngozi lija sanalikumbukire moposa zina zonse. Kumva chisoni kokha sikunakwanire. Panafunika kuti thupi nalo ligwedezeke.

Cahill anadzayesanso njira ina mu 2003: anthu atamaliza kuona zithunzi, ena anaviika dzanja m'madzi oundana mpaka kumva kupweteka. Patatha sabata, iwowa anakumbukira bwino zithunzi zokhudza mtima kuposa amene anaviika m'madzi ofunda. Madzi ozizirawo sankagwirizana konse ndi zithunzizo. Ubongo unangoona kuti thupi latekeseka, n'kuzika zimene zinali zitangolowa kumene.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa n'chakuti phindu limeneli limaoneka mochedwa. Mu 1963 Kleinsmith ndi Kaplan ku Michigan anapatsa ophunzira mawu, lililonse lili ndi nambala yake. Mawu ena anali ogunditsa mtima, ena wamba. Atafunsidwa patangotha mphindi ziwiri, nambala za mawu wamba ndi zimene zinkakumbukika bwino. Patatha sabata zinthu zinali zitatembenuka: za mawu wamba zinali zitayoyoka, za mawu ogunditsa mtima zinalipobe. Tsono tikamati chinthu chokhudza mtima chimakumbukika, kwenikweni tikutanthauza kuti chimachedwa kuiwalika. Tulo natonso timathandiza pa kusankhaku. Jessica Payne ndi anzake anapeza mu 2008 kuti munthu akagona usiku ataona chithunzi cha galimoto yophwanyika pamsewu, m'mawa galimotoyo imakhala isanafufutike pomwe msewu ndi nyumba za kumbuyo kwake zayamba kale kuzimiririka.

Mfuti imaoneka, nkhope osaoneka

Nkhani ya galimoto ndi msewuyi ikutifikitsa pa mtengo umene timalipira. Mtima ukagunda, maso ndi maganizo zimapita pa chinthu chimodzi. Easterbrook analemba zimenezi mu 1959, ndipo mu 1987 Elizabeth Loftus ndi anzake anazionetsa ndi makina otsatira maso. Anthu ankaona zithunzi za kasitomala ali pa kauntala ya lesitilanti. Kwa ena kasitomalayo ankapereka cheke, kwa ena ankaloza mfuti. Oona mfuti aja maso awo ankabwerera pa mfutiyo kawirikawiri ndi kukhalitsapo, ndipo atauzidwa kuti aloze munthuyo pakati pa nkhope zina, ambiri anaphonya.

Wina anganene kuti zithunzi si moyo weniweni. Charles Morgan wa ku Yale anapita kumene kuli mantha enieni: kumaphunziro a asilikali a ku America ophunzitsa kupirira ukagwidwa ndi adani. Asilikali oposa 500 anatsekeredwa, anasowetsedwa tulo ndi chakudya, kenako anafunsidwa mafunso maso ndi maso kwa mphindi zoposa 30 m'chipinda chowala bwino. Ena anafunsidwa mwankhanza ndi mowakankhakankha, ena mofatsa. Patatha tsiku limodzi atatuluka, anawaikira anthu pamzere kuti aloze amene anawafunsa. Mwa ofunsidwa mwankhanza, pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu ndi amene analoza molondola, pomwe mwa ofunsidwa mofatsa olondola anaposa theka. Awa anali anthu athanzi, ophunzitsidwa, amene anayang'anizana ndi munthuyo nthawi yaitali. Zotsatirazi zinatuluka mu 2004.

Kutsimikiza si kulondola

Aliyense ali ndi tsiku limene angalumbire kuti akulikumbukira lonse: kumene anali atamva uthenga wa imfa, amene anamuuza, chimene anagwira m'manja. Roger Brown ndi James Kulik mu 1977 anafunsa anthu za tsiku limene pulezidenti John Kennedy anaphedwa mu 1963, ndipo anadabwa ndi mmene anthuwo ankafotokozera tinthu ting'onoting'ono patatha zaka zoposa 10. Anaganiza kuti ubongo uli ndi njira yapadera yojambulira nthawi zoterezi. Vuto linali lakuti panalibe njira yodziwira ngati zimene anthuwo ankanena zinali zoona.

Ulric Neisser anapeza njirayo. Pa 28 January 1986 chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Challenger chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukireni ku Florida, ndipo anthu onse 7 amene anali m'katimo anafa. M'mawa mwake Neisser ndi Nicole Harsch anapatsa ophunzira 106 a ku yunivesite ya Emory pepala kuti alembe mmene anamvera nkhaniyo: anali kuti, ankachita chiyani, anawauza ndani, inali nthawi yanji. Mapepalawo anawasunga. Patatha zaka ziwiri ndi theka anapeza 44 mwa ophunzirawo n'kuwafunsanso mafunso omwewo. Pa mapointi 7 amene munthu akanapeza akanafanana ndi zimene analemba poyamba, ambiri sanafike ndi pa theka, ndipo 11 anapeza 0: chilichonse chimene ananena chinali chosiyana. Koma atafunsidwa kuti akutsimikiza bwanji, pa sikelo yofika 5 anadzipatsa zoposa 4.

Mtsikana wina analemba poyamba kuti anali m'kalasi ya maphunziro a zachipembedzo pamene anthu ena analowa akukamba za ngoziyo. Ulendo wachiwiri ananena kuti anali m'chipinda chake chogona ndi mnzake akuonera TV, nkhani inatulukira mwadzidzidzi, iye n'kukaimbira foni makolo ake. Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri pa kafukufukuyu ndi zimene zinachitika ofufuzawo atawaonetsa ophunzirawo mapepala awo akale. Ankavomera kuti zolembazo n'zawo, koma nkhani yoyambayo sinabwererenso m'mutu. Yatsopano ija ndi imene ankaionabe ngati yeniyeni.

Jennifer Talarico ndi David Rubin a ku Duke anawonjezerapo chinthu chimene chinkasowa. Pa 12 September 2001 anafunsa ophunzira 54 za mmene anamvera za kuukiridwa kwa New York ndi Washington dzulo lake, komanso za chinthu china wamba chimene chinawachitikira masiku omwewo. Anawafunsanso patatha sabata imodzi, ena masabata 6, ena masabata 32. Nkhani zonse ziwiri zinkasintha mofanana. Kusiyana kunali pa chikhulupiriro: pa chinthu wamba chija ophunzirawo ankavomera kuti ayamba kuiwala, pomwe pa 11 September ankanenetsa kuti zonse akuziona ngati zachitika dzulo.

Zimenezi sizikutsutsa zija za McGaugh. Palibe wophunzira amene anaiwala kuti Challenger inaphulika. Phata la nkhani limakhala, ndipo limakhala nthawi yaitali. Zimene zimasintha ndi zozungulira, ndipo zimasintha kwambiri pa nkhani zimene timazikamba mobwerezabwereza, kuzimva kwa ena ndi kuziona pa TV, chifukwa nthawi iliyonse imene tikumbukira timakhala tikumanganso nkhaniyo. Kukhoti zimenezi n'zoopsa. Mboni imene ikulira n'kunena kuti nkhope imeneyo sindidzaiwala mpaka imfa ikunena zoona za mumtima mwake, koma ikhoza kuloza munthu wolakwika. Bungwe la Innocence Project ku America lapeza kuti mwa anthu amene anamangidwa kenako n'kumasulidwa DNA itaonetsa kuti si iwo, pafupifupi 7 mwa 10 alionse analozedwa molakwika ndi mboni yoona ndi maso.

Mutu ukaima m'chipinda cha mayeso

Nanga ngati mantha amazika zinthu, bwanji wophunzira amene anawerenga bwinobwino amati akatsegula pepala la mayeso m'mutu mumangoti mbee, kenako mayankho n'kubwera onse atatuluka panja? Yankho lagona pa nthawi. Mahomoni omwe aja amene amathandiza kusunga amalepheretsa kutulutsa. Dominique de Quervain, pogwira ntchito ndi McGaugh mu 1998, anaphunzitsa makoswe kupeza kapulatifomu kobisika m'thanki ya madzi. Tsiku lotsatira anawaopseza ndi nyesi ya magetsi kumapazi asanawaikenso m'madzi. Nyesiyo ikabwera mphindi 2 zokha asanalowe m'madzi, makoswe ankakumbukira malowo. Ikabwera maola 4 asanalowe, ankakumbukiranso. Koma ikabwera mphindi 30 asanalowe, ankasambira mosokonekera ngati sanaphunzirepo. Mphindi 30 ndi pamene homoni ya mtundu wa cortisol ija imakhala pachimake. Mu 2000 anabwerezanso pa anthu powamwetsa cortisone, mankhwala amene thupi limawasandutsa cortisol, ola limodzi asanawafunse mawu amene analoweza dzulo lake, ndipo anakumbukira ochepa. Zimene anaphunzirazo sizinafufutike. Homoniyo ikatsika zimapezekanso, n'chifukwa chake yankho limadza munthu ali panjira yobwerera.

Pali vuto lachiwiri. Kuti munthu achite samu ya m'mutu kapena atsatire funso lalitali, amafunika kugwira zinthu zingapo m'maganizo nthawi imodzi, ndipo malo ogwiriramo ndi ochepa kwambiri. Nkhawa imalankhula m'malo omwewo: ndilephera, anzanga amaliza, kunyumba ndikanena chiyani. Mark Ashcraft ndi Elizabeth Kirk anaonetsa mu 2001 kuti anthu oopa masamu amaphonya kwambiri pa masamu ofuna kusungira nambala, makamaka akapatsidwanso zilembo zoti azisunge m'mutu. Si kuti ndi mbuli. Mbali ina ya maganizo awo ili pa ntchito yodandaula. Mu 2011 kunatuluka kafukufuku wotchuka wonena kuti kulemba nkhawa zako papepala kwa mphindi 10 mayeso asanayambe kumakweza magiredi. Nkhaniyi inafala kwambiri, koma gulu lina la ofufuza litabwereza gawo lake lina mu 2018 silinapeze zomwezo, choncho ndi bwino kuitenga mosamala.

Chimene chili ndi umboni wooneka bwinoko ndi kaphunziridwe. Amy Smith ndi anzake ku Tufts mu 2016 anapatsa anthu 120 mawu ndi zithunzi zoti aloweze. Theka linangowerenga mobwerezabwereza, theka lina linkatseka n'kuyesa kukumbukira palokha. Tsiku lotsatira ena anawaika pa mpanipani wofanana ndi umene ofufuza a ku Trier ku Germany anakonza mu 1993, pamene munthu amaimirira kulankhula pamaso pa oweruza osamwetulira kenako n'kuchita samu mokweza. Owerenga mobwereza aja atapanikizika anaiwala zambiri. Odziyesa okha aja anakumbukira ngati kuti sanapanikizidwe n'komwe. Chinthu chimene munthu wachitulutsapo m'mutu kangapo chimakhala ndi njira zambiri zochifikira, ndipo mantha satseka zonse.

Pa nkhani imeneyi anthu amakonda kutchula lamulo la Yerkes ndi Dodson, loti mantha apakatikati ndiwo abwino pophunzira. Ndi bwino kudziwa kumene lamuloli linachokera. Mu 1908 awiriwa ankaphunzitsa mbewa kusankha bokosi loyera m'malo mwa lakuda, ndipo yolowa lakuda inkamenyedwa ndi nyesi. Kusiyanitsako kukakhala kosavuta, nyesi yamphamvu inkafulumizitsa kuphunzira. Kukakhala kovuta, nyesi yamphamvu inkachedwetsa. Gulu lililonse linali ndi mbewa zochepa kwambiri, ndipo chithunzi cha mzere wokwera n'kutsika chimene chimapezeka m'mabuku chinadzajambulidwa ndi anthu ena patatha zaka zambiri. Komabe mfundo imene anaipeza ndi yofunika kuposa chithunzicho: ntchito ikamavuta, mantha amene ingapirire amachepa.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati mwana amaphunzira bwino akamaopa. Akunena zoona pang'ono, ndipo n'chifukwa chake maganizowa safa. Mwana amene wachititsidwa manyazi pa bolodi chifukwa cholephera samu saiwaladi tsikulo. Koma tifunse kuti maso ake anali pati pamene mtima unkagunda. Anali pa nkhope ya mphunzitsi, pa anzake oseka, pa choko chonjenjemera m'dzanja. Zimenezo ndiye mfuti ija, ndipo samuyo ndiye nkhope imene siioneka. Akadzakula adzafotokoza mtundu wa malaya amene mphunzitsiyo anavala, koma njira yogawira mafulakishoni sadzaidziwa, ndipo thupi lake lidzakhala litaphunzira kuti masamu ndi chinthu choopsa. Mantha amaphunzitsa msanga zinthu zosavuta monga usagwire apo. Zofuna kulingalira amaziwononga.

Mantha akakhala a tsiku ndi tsiku, vuto limafika pa ubongo weniweniwo. Hippocampus ili ndi malo ambiri olandirira cortisol, ndipo pa makoswe opanikizika kwa masabata angapo nthambi za maselo ake zimafota. Anthu odwala matenda a Cushing, amene thupi lawo limatulutsa cortisol yochuluka kwa miyezi kapena zaka, amadandaula za kuiwalaiwala, ndipo Monica Starkman anapeza m'zaka za m'ma 1990 kuti hippocampus yawo imachepa, koma imabwererako pang'ono akalandira chithandizo.

Chidwi

Mwamwayi, si mantha okha amene amauza ubongo kuti ichi n'chofunika. Mu 2014 Matthias Gruber ndi Charan Ranganath ku yunivesite ya California ku Davis anapatsa anthu mafunso ambirimbiri a zinthu zosiyanasiyana, aliyense n'kunena mafunso amene akufunitsitsa kudziwa yankho lake. Kenako ali m'makina ojambula ubongo, funso linkaoneka, munthu n'kudikira masekondi angapo yankho lisanabwere. Pa nthawi yodikirayo pankadutsa nkhope ya munthu wosamudziwa, yosakhudzana ndi funsolo. Mayankho a mafunso amene anali nawo chidwi anawakumbukira bwino, zomwe sizodabwitsa. Chodabwitsa n'chakuti nkhope zimene zinadutsa pamene munthu ali ndi chidwi nazonso zinakumbukika bwino, ngakhale tsiku lotsatira. Makinawo anaonetsa kuti pa nthawi yodikirayo mbali za ubongo zotulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe okhudzana ndi kufunitsitsa chinthu, zinkagwira ntchito limodzi ndi hippocampus. Onani kuti ubongo unatseguka yankho lisanabwere. Mphunzitsi amene amayamba ndi funso n'kusiya ophunzira alote kaye akugwiritsa ntchito kanthawi kameneka, pomwe woyamba ndi yankho wakataya.

Koma pano palinso msampha. Shannon Harp ndi Richard Mayer mu 1998 anapatsa ophunzira phunziro la mmene mphezi imapangikira m'mitambo. Ena anawawonjezera tinkhani tokopa ta anthu amene anawombedwa ndi mphezi. Iwowa anakumbukira tinkhanito, koma ndondomeko ya mmene mphezi imapangikira anaikumbukira pang'ono kuposa anzawo, ndipo mafunso ofuna kuganiza anawalephera kwambiri. Nthabwala kapena nkhani yochititsa nthumanzi imakokera maganizo kwa iyo yokha, chimodzimodzi mfuti. Imathandiza pokhapokha ngati chokhudza mtimacho chili m'kati mwa mfundo yeniyeniyo.

Mmene munthu akumvera pa nthawi yokumbukira nazonso zimasankha chimene chibwere. Gordon Bower wa ku Stanford analemba mu 1981 kuti wosangalala amakumbukira msanga zosangalatsa, wachisoni zachisoni. Kwa odwala matenda ovutika maganizo zimenezi zimangozungulirazungulira: chisoni chimaitana zokumbukira zowawa, zokumbukirazo n'kukuza chisoni. Mark Williams anapezanso m'zaka za m'ma 1980 kuti anthu oterewa akafunsidwa za tsiku limodzi lenileni amayankha mwachisawawa, monga nthawi zonse ndimalephera, m'malo motchula chochitika chimodzi chokhala ndi malo ndi nthawi.

Kodi mantha ophunziridwa amachoka?

Katswiri wa ku Russia, Ivan Pavlov, anaona kale kuti galu amene wazolowera chizindikiro cha chakudya amasiya kukha dovu chizindikirocho chikamabwera chopanda kanthu, koma akapuma kanthawi dovu lija limabwereranso lokha. Mantha nawo amatero. Khoswe amene waphunzira kuopa kaphokoso kenakake amasiya kuuma thupi kaphokosoko kakamalira popanda nyesi, koma phunziro lakale silinafufutike. Ubongo wangophunzira lachiwiri, loti pano n'potetezeka, ndipo mbali ya kutsogolo kwa ubongo ndi imene imagwira amygdala kuti isadzuke. Chithandizo chimene akatswiri amapereka kwa oopa zinthu mopitirira muyeso, chowayandikizitsa pang'onopang'ono ku chimene amaopacho, chimadalira phunziro lachiwirili.

Mu 2000 Karim Nader, ali mu labu ya LeDoux, anaonetsa kuti mwina phunziro loyambalo likhoza kukhudzidwa. Anakumbutsa makoswe kaphokoso kamene ankaopa, n'kuwabaya mu amygdala mankhwala oletsa maselo kupanga mapuloteni, ndipo tsiku lotsatira mantha aja anali atachepa kwambiri. Akabaya popanda kukumbutsa, mantha ankakhalabe. Zinkaoneka kuti chokumbukira chikatulutsidwa chimafewanso ndipo chimafunika kuzikidwanso. Mankhwala amenewo sangaperekedwe kwa anthu, choncho ofufuza anatembenukira ku propranolol uja. Merel Kindt wa ku Amsterdam anapeza zolimbikitsa mu 2009 pa anthu amene anawaphunzitsa mantha mu labu, komanso mu 2015 pa anthu oopa akangaude, koma magulu ena atayesa zotsatira zakhala zosiyanasiyana, ndipo kupereka mankhwalawa kwa anthu atangochita ngozi sikunaoneke kuti kumateteza ku matenda obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu anaona.

Pakadali pano njira yodalirika ndi ya phunziro lachiwiri lija, ndipo kufooka kwake kumadziwika. Mark Bouton wa ku Vermont anaonetsa kuti mantha oyamba amayenda ndi nyama kulikonse, pomwe phunziro loti n'potetezeka limakakamira malo amene linaphunziridwira. Khoswe amene wasiya kuopa m'bokosi limodzi amaopanso akamuika m'bokosi lina. N'chifukwa chake wothandiza munthu woopa agalu samalekera pa galu mmodzi m'chipinda chimodzi. Amasintha agalu, malo ndi masiku, ndipo amamuuziratu munthuyo kuti tsiku lina mantha akadzadzukanso sizidzatanthauza kuti chithandizo chalephera.